Mamega Fote a Lufeyo

Ana inu, amene mudafikako ku Lizulu mukudziwa kuti msika wake uli m'mbali mwenimweni mwa msewu waukulu, pamene mabasi amaima kuti apaulendo agule kachewere, kabichi ndi tomato. Kuseri kwa mabenchi a zamasamba kuli kanjira kafumbi, ndipo uku ndi uku kwa kanjirako kudandandalika timashopu ta malata. M'kanjira kameneko mudali abale awiri a bere limodzi, Lufeyo ndi mng'ono wake Yotamu.

Lufeyo ndiye adali woyamba kubwera ndi kompyuta pamsikapo. Ntchito yake idali yoika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mamemore a anthu, ntchito imene eni ake amaitcha kubena. Masiku amenewo munthu wofuna nyimbo za ukwati kapena za kwaya sankafunsa njira, ankangolunjika kwa Lufeyo. Yotamu atamaliza sukulu adayamba kukhala pambali pa mkulu wakeyo, ndipo Lufeyo adamuphunzitsa zonse mosabisa. Yotamu atakwatira adatsegula shopu yakeyake moyang'anizana ndi ya mkulu wake. Lufeyo sadawiringule. Adamupatsa benchi loti makasitomala azikhalapo, namuuza kuti, "Msikawu ndi waukulu, tonse tidya."

Zinthu zidasintha chaka chimene Yotamu adaimika mlongoti padenga la shopu yake n'kuikitsa intaneti. Nyimbo ikangotuluka m'tauni m'mawa, masana omwewo inkamveka kwa Yotamu. Lufeyo ankadikirabe mnzake wina wa ku Lilongwe kuti amubweretsere zatsopano pa kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta kotchedwa fulashi, ndipo pofika nazo zinkakhala zitasukuluka kale. Anthu adayamba kuwolokera tsidya lina la kanjira. Benchi lija linkadzaza mpaka ena kuima, Lufeyo ali duu pakhomo pake, akuona zonse.

Poyamba ankangokweza sipika yake kuti imize ya mng'ono wake. Kenaka adaleka kudya naye tchipisi masana monga ankachitira kale. Munthu akatamanda Yotamu kuti ndi mnyamata wanzeru, Lufeyo ankaseka mowawa n'kunena kuti, "Nzeru zake ziti? Si ine ndidamugwira dzanja pa kompyuta?"

Yotamu adaona kuti mkulu wake wasintha. Tsiku lina adawoloka kanjira n'kuima pakhomo mwaulemu.

"Achimwene, bwanji muzingonditumizira fulashi yanu m'mawa uliwonse? Ndizikuikirani zonse zatsopano. Palibe chovuta."

Mawu abwinowo adamubaya Lufeyo kuposa chipongwe.

"Ndizipempha kwa iwe? Mwana amene ndinkamufinya mamina? Pita ukathandize anthu ako, akukudikira."

Komabe mtima wake unkafunitsitsa kudziwa mphamvu ya chinthu chimene chidamulanda anthucho. Tsiku lina adalowa m'shopu ya Yotamu ngati wodzabwereka chingwe chotchajira foni. Adapeza Yotamu akukokera mlimi wina filimu pa intaneti, ndipo pa kompyuta pankaoneka kamzere kobiriwira kakukwawa, pansi pake patalembedwa kuti 10 MB/s.

"Musadandaule bambo, sichedwa," Yotamu ankauza mlimiyo. "Ikukoka mamega teni pa sekondi."

Lufeyo adatenga chingwe chija n'kutuluka. Chingwe sadachigwiritse ntchito n'komwe, koma nambala ija adaisunga mumtima: teni.

Sipadapite nthawi, tsiku lina la msika kudabwera anthu a kampani ina ya intaneti. Adakhoma tenti pafupi ndi pokwerera minibasi, nayatsa nyimbo, napachika chinsalu chachikulu cholembedwa kuti 40 Mbps. Lufeyo adaona chinsalucho. Adayandikira mtsikana amene ankagulitsa timabokosi ta intaneti totchedwa rauta.

"Chemwali, awa ndi mamega fote?"

"Eya bambo, fote pa sekondi."

"Fote yeniyeni?"

"Yeniyeni. Koma ngati ntchito yanu ndi yokoka mafilimu, khalani pansi kaye ndikufotokozereni tanthauzo la zilembo zili kutsogolo kwa nambalazi, chifukwa ambiri..."

Nthawi yomweyo Lufeyo adaona Yotamu akubwera chapatali, atanyamula mpukutu wa kabichi. Adaganiza za manyazi oti mng'ono wake amupeze atakhala pampando, akuphunzitsidwa za makompyuta ndi mtsikana pakati pa msika.

"Zofotokozazo sungirani ena," adatero mokweza. "Ine makompyuta ndidayamba inu muli ku pulayimale. Ndisungireni kabokosi kamodzi, ndikubwera."

Tsiku lomwelo adagulitsa njinga yake yakapalasa n'kugula rauta. M'mawa mwake adaitana wolemba zikwangwani, ndipo pakhoma la shopu padaoneka zilembo zofiira, zazikulu moti munthu wa pabenchi la Yotamu sakadalephera kuziwerenga: KUNO MAMEGA 40. ENAWO NDI 10 BASI.

Anthu adayamba kubwerera kwa Lufeyo. Nanga ndani sadziwa kuti makumi anayi amaposa khumi? Nyimbo ndi kanthu kakang'ono, kankalowa m'foni m'kuphethira kwa diso, choncho palibe adadandaula. Lufeyo ankaima pakhomo manja ali m'thumba, akuimba mluzu, maso ali tsidya lija.

Yotamu adawerenga chikwangwanicho. Madzulo Lufeyo akutseka shopu, iye adawoloka.

"Achimwene, zakomatu kuti nanunso mwaika intaneti. Koma ndingaoneko kabokosiko? Pa manambalawa pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu."

"Ee, zayamba kukuwawa?" Lufeyo adayankha akukhoma loko. "Pamene anthu ankadzaza kwa iwe ine ndidabwera kudzaona kabokosi kako? Nsanje si yabwino, Yotamu."

Yotamu adangoti, "Pepani achimwene," n'kubwerera.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamusowetsa mtendere Lufeyo. Akamakoka filimu, kamzere kobiriwira ka pa kompyuta yake sikankalemba fote ayi. Kankalemba 5 MB/s. Tsiku loyamba adati ndi mitambo. Lachiwiri adati kabokosi n'katsopano, sikadazolowere. Pambuyo pake adangotembenuza kompyuta kuti iziyang'ana kukhoma, makasitomala asamaone.

Mkazi wake, Nangondo, amene anthu ankamutchula kuti mayi a Ulemu, adazindikira kuti mwamuna wake sakudya bwino. Atamufunsitsa, Lufeyo adaulula za nambala yosamvetsetsekayo, ndi za mtsikana wogulitsa uja amene iye adakana kumumvera.

"Bambo a Ulemu, nanga osangokafunsa alamu bwanji? Iwo akhala nazo nthawi zinthuzi."

"Ndikafunse Yotamu? Kuti mawa msika wonse udziwe kuti mkulu wakagwada kwa mng'ono wake? Zikonzeka zokha."

Nangondo adali woimba wa kwaya ya amayi ya pa mpingo wawo, ndipo ndiye ankatsogolera nyimbo zambiri. Chaka chimenecho amayiwo adalima kachewere pamodzi, nagulitsa, napita ku Blantyre kukajambulitsa nyimbo zawo pa kanema. Kwa ambiri a iwo udali ulendo woyamba kufika mumzindawo. Adakonza zoti Loweruka lina adzaonetse kanemayo m'tchalitchi kwa nthawi yoyamba. Adaitana makwaya a ku Ntcheu ndi ku Dedza, adabwereka wailesi yakanema yaikulu ndi jenereta, adagula mpunga ndi mbuzi. Nangondo adatumiza uthenga kwa mayi ake okalamba, amene ankakhala kuseri kwa mapiri, kuti adzaone mwana wawo akuimba pa kanema.

Tsiku litayandikira, ojambula aja adaimba foni kuti ntchito yachedwa. Adati sangathe kutumiza munthu pa basi, koma adzatumiza kanemayo pa intaneti Loweruka lomwelo m'mawa. Vuto lidali lakuti nyengo imeneyo magetsi ankazima Loweruka lililonse dzuwa likafika paliwombo, osayakanso mpaka mawa lake, ndipo akazima netiweki ya dera lonselo inkagwa nawo limodzi. Jenereta ikadatha kuyatsa kanema m'tchalitchi, koma sikadatha kudzutsa netiweki.

Mtsogoleri wa kwayayo, Mayi Namulangeni, adapita kwa Yotamu. Yotamu atamva kukula kwa kanemayo adati, "Ikangofika, ola limodzi likwana. Bola asachedwe kutumiza."

Lufeyo adazimva madzulo omwewo, ndipo adapita kunyumba kwa Mayi Namulangeni asadadye n'komwe.

"Mayi, ndakulakwirani chiyani? Kwaya imene akazi anga akutsogolera nyimbo, ntchito yake mukapereke kwa wina, ine ndili pompano?"

"Iyayi bambo a Ulemu, sikuti tikukupatulani. Timangoti poti a Yotamu adayamba kale..."

"Yotamu ali ndi mamega teni. Ine ndili ndi fote. Chimene iye angakoke pa ola, ine ndikoka musadamalize kumwa tiyi. Nthawi ndi yochepa, inu mukufuna kukwera bulu galimoto ilipo?"

Mayi Namulangeni adaganiza za magetsi aja, naona kuti mawuwo ndi omveka. Adauza ojambula kuti adiresi yokokera kanemayo adzaitumize pa foni ya Lufeyo.

Loweruka lidacha bwino. Malole a alendo adafika, amayi atavala zitenje zofanana, utsi wa mpunga ukufuka kuseri kwa tchalitchi. Mayi ake a Nangondo adafika pa njinga yamoto, atafunda bulangeti chifukwa cha chisanu cha m'mapiri, ndipo adawakhazika pa mpando wakutsogolo. Uthenga wa ojambula udachedwa ndithu. Udalowa m'foni ya Lufeyo kutatsala ola limodzi ndi theka kuti magetsi azime.

"Nthawi ndi yambirimbiri," Lufeyo adauza amayi amene adadzaza m'shopu mwake. "Khalani pansi muone ntchito ya fote."

Kamzere kobiriwira kadayamba ulendo wake. Amayi ankacheza, akuseka, akukumbutsana za ku Blantyre. Nthawi imene tiyi akadakhala atatha kale, kamzereko kadali kasadafike ngakhale pa ndime imodzi mwa zinayi. Macheza adayamba kuchepa. Mayi Namulangeni adayang'ana dzuwa panja, nayang'ana Lufeyo.

"Bambo a Ulemu, zikuyenda koma?"

"Ikutenthetsa kaye. Ithamanga posachedwa."

Yotamu adali ataima pakhomo pa shopu yake, ndipo ataona nkhope za amayiwo adawoloka. Adadutsa pakati pawo, nasuzumira pa kompyuta, naona nambala ija. Adawerama n'kulankhula chapansipansi kuti ena asamve.

"Achimwene, pa liwiro ili sifika. Nditumizireni adiresiyo panopa, nanenso ndiyambe kukoka kwanga. Nthawi ikadalipo pang'ono. Ikatha ndibweretsa kuno, mukapereke ndinu. Palibe adziwe."

Ana inu, apa ndi pamene nkhani yonse idagona. Lufeyo ankaona yekha kuti kamzereko kakukwawa ngati nkhono. Foni idali m'dzanja lake, ndipo kutumiza adiresiyo kudali kungodina kamodzi. Koma atakweza maso adaona amayi onse akuyang'ana Yotamu ndi chiyembekezo, monga momwe anthu a pabenchi lija ankamuyang'anira.

"Tamumvani!" adafuula. "Akufuna alande ntchitoyi pakati panjira kuti mudzati wapulumutsa kwaya ndi iye. Teni ithandize fote? Tuluka muno, Yotamu!"

"Bambo a Ulemu, chonde," Nangondo adadandaula. "Apatseni alamu. Amayi abwera kuchokera kutali."

"Iwenso uli mbali yake?"

Lufeyo adaika foni m'thumba la buluku. Yotamu adatuluka, koma sadabwerere kwake. Adakhala pa mwala panja, mutu uli pansi.

Dzuwa lidakwera. Ku tchalitchi alendo adaimba nyimbo zodikirira mpaka zidawathera. Mtumiki wa mpingo adatuma munthu kudzafunsa, kenaka adatumanso wina. Kamzere kadadutsa pakati, kakuyenda mwa kachitidwe kake komweko, osafulumira osachedwa. Thukuta lidayamba kutsika m'masaya mwa Lufeyo ngakhale kunja kunkazizira. Adazimitsa sipika, adasuntha rauta kuiika pawindo, adaikweza m'mwamba ndi manja awiri ngati mwana wobatizidwa. Nambala idakhalabe yomwe ija.

Kamzere katatsala ndime imodzi mwa zinayi zija kuti kafike kumapeto, babu la padenga lidaphethira, kompyuta idalira kamodzi, galasi lake n'kuda bii.

Mayi wina adayamba kusisima pakona. Mayi Namulangeni adavula duku, nalipinda, nalivalanso.

Nangondo ndiye adatuluka panja n'kukaima pamaso pa mlamu wake.

"Alamu, ine sukulu sindidapite nayo patali. Tandiuzani, fote yalephera bwanji pamene teni ikadatha?"

Yotamu adayang'ana mkulu wake, amene adali ataima pakhomo, ndipo adayankha mosafuna.

"Alamu, mamega alipo a mitundu iwiri, kungoti mayina ake ndi ofanana. Amene amalembedwa pa zinsalu za otsatsa malonda ali ndi b wamng'ono. Amenewo ndi mamegabiti. Amene kompyuta imaonetsa ikamakoka kanthu ali ndi B wamkulu, mamegabaiti. Zili ngati mbale ndi ndowa pogulitsa kachewere. Mbale zisanu ndi zitatu ndiye zimadzaza ndowa imodzi. Achimwene adaona ndowa khumi pa kompyuta yanga, n'kukagula mbale makumi anayi."

"Mbale makumi anayi," adatero Mayi Namulangeni, amene adakulira pa malonda a kachewere, "ndi ndowa zisanu."

"Eya mayi. Theka la zanga. Ogulitsawo sadaname, adalemba zoona. Kungoti muyeso wake ndi wina."

Nangondo adatembenukira kwa mwamuna wake. Sadakalipe. Iye adakulira pakhomo pa bambo oweta njuchi, ndipo mawu amene adamufikira adali a kumeneko.

"Bambo a Ulemu, kwathu mlendo akapatsidwa chisa cha njuchi amafunsa kuti chomeza n'chiti, cholavula n'chiti. Inu mtsikana wogulitsa uja adafuna kukuuzani, mudakana. Alamu adabwera kawiri, mudawathamangitsa. Ine ndidakupemphani m'nyumba. Mwatafuna phula poyesa uchi, ndipo mwatidyetsa tonse."

Adakonza chitenje chake n'kuuyamba wa ku tchalitchi, amayi ena akumutsatira.

Tsiku limenelo kwaya idaimba ndi pakamwa, wailesi yakanema yobwereka ija ili chiimire kutsogolo, yakuda. Adaimba bwino, koma alendo adadzera kanema, ndipo atadya mpunga adakwera malole awo akunong'onezana. Mayi ake a Nangondo adafunsa kangapo kuti, "Nanga mwana wanga aoneka nthawi yanji m'galasimo?" Adabwerera kumapiri madzulo omwewo chifukwa kunyumba adasiya mbuzi zopanda woziyang'anira.

Magetsi atayaka, Mayi Namulangeni adapempha ojambula kuti atumize adiresi ija kwa Yotamu, ndipo kanemayo adafika bwinobwino pa ola limodzi. Amayi adakaonera okhaokha pakati pa sabata, popanda alendo, popanda nthungululu za makwaya ena. Nangondo atadziona akuimba adagwetsa misozi, ndipo anzake sadadziwe ngati idali ya chimwemwe.

Lufeyo adapaka laimu pa chikwangwani chija m'mamawa anthu asadadzuke. Koma msika suiwala. Ogulitsa kabichi adayamba kumutchula kuti a Safunsa, ndipo dzinalo lidamukakamira kuposa limene adabatizidwa nalo. Padapita miyezi asadalankhule ndi mng'ono wake. Ngakhale pamene adayambanso kupatsana moni, anthu ankaona kuti benchi la Yotamu likadzaza, Lufeyo ankalowa m'kati mwa shopu yake n'kutseka chitseko theka.

Kuyambira pamenepo, munthu akagula mbewu osafunsa ngati ikugwirizana ndi nthaka yake, kapena akakwera minibasi osafunsa kumene ikupita, a pamsikapo ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Safunsa adadya phula." Apaulendo adawatola mawuwo pamodzi ndi kachewere n'kupita nawo kutali.

Tsono mwambiwu ukutanthauza chiyani? Uchi ndi phula zimakhala m'chisa chimodzi, mtundu wake ndi wofanana, koma china n'chakudya, china n'cholavula. Zinthu zambiri pa moyo zili choncho. Mayina amafanana, manambala amaoneka okopa, ndipo maso okha sangakuuzeni kusiyana kwake. Wodziwa amakhala pafupi, nthawi zina tsidya la kanjira chabe. Lufeyo sadali wopusa, ndipo palibe adamunamiza. Chimene chidamutseka pakamwa ndi chakuti yankho lidali ndi munthu amene iye ankamuchitira nsanje. Choncho inu ana, mukakumana ndi chinthu chimene simukuchimvetsa, funsani, ngakhale wodziwayo akhale mng'ono wanu kapena mnzanu amene amakuposani m'kalasi. Manyazi a kufunsa amatha tsiku lomwelo, koma phula likalowa m'mimba, amene amamva kupweteka si wodya yekhayo ayi.